Zithunzi za pakhoma m'kachipatala: zikule bwanji, nanga felemu yake ikhale yotani?

"Ndine namwino komanso mzamba, ndipo posachedwapa nditsegula kachipatala kanga. Penti tapaka, mabenchi afika, koma makoma akadali mbee. Khoma lalikulu la m'chipinda chodikirira ndi la mamita 4.5 m'litali, ndipo benchi ya mamita 3 yatsamira khoma lomwelo. Palinso kolido yopapatiza yopita ku zipinda ziwiri zoonera odwala, komanso kangodya komwe ndikufuna ana azikhala. Mchemwali wanga wandipatsa zithunzi 12 zokongola, kukula kwake pepala la A4, akuti ndiziike m'mafelemu amatabwa okhala ndi galasi n'kuzigawa makoma onse. Mnzanga wina akuti ayi, ndigule chinsalu chimodzi chachikulu chojambulidwa ndi penti. Ndasowa chogwira. Kodi zithunzi za m'chipatala zimayenera kukula bwanji, nanga felemu yabwino ndi iti? Sindikufuna kuwononga ndalama kawiri."

Asisita, zikomo chifukwa cha funso lanu, ndipo mtima ukhale m'malo. Khoma lopanda chithunzi silingachedwetse kutsegula chipatala, choncho musadzipanikize kuti zonse zikhale zitapachikidwa tsiku loyamba. Mwachita bwino kufunsa musanaboole paliponse. Ambiri amene amandiitana amakhala atagula kale mafelemu, khoma lili mabowo okhaokha, n'kumati ndiwathandize kubisa. Mwachitanso bwino kutchula miyezo, chifukwa ndi imene ndiyankhirepo.

Pa ntchito yanga yokonza mafelemu ndi kupachika zithunzi, ndaona kuti m'chipatala muli anthu awiri oyenera kugamula nkhaniyi, ngakhale palibe amene amawafunsa. Woyamba ndi wodwala amene wakhala pa benchi kapena wagona pa bedi loyezerapo. Ameneyu ndiye amatiuza kukula kwa chithunzi ndi pochiika. Wachiwiri ndi wokolopa, amene amabwera m'mamawa ndi ndowa ndi kansalu konyowa. Felemu amasankha ndi iyeyu. Mwini chipatala amasankha ataimirira pakhomo, ali bwinobwino m'thupi, akuganiza za mmene alendo adzayamikire pa tsiku lotsegulira, ndipo zambiri zimalakwikira pamenepo.

Tiyambe ndi benchi yanu ija. Mukapita kuchipatalako, khalanipo kaye, mutsamire, muyang'ane kutsogolo. Muona kuti khoma la mamita 4.5 lomwe likukusowetsani tulo lili kumbuyo kwanu. Wodwala amene adikire pamenepo theka la ola amaliona polowa basi. Maso ake amakhala pa khoma loyang'anizana ndi benchi, ndipo m'zipatala zambiri khoma limenelo ndi lomwe limadzaza ndi kalendala, ndandanda wa ntchito ndi mapepala a zidziwitso omata ndi selotepi, ena atapindika kale m'makona. Ngati ndalama zikukwanira chithunzi chimodzi chokha chabwino, chipite pa khoma loyang'anizana ndi okhala. La kumbuyo kwa benchi libwere pambuyo.

Kukula kwa chithunzi chimenechi kumadalira mtunda. Tengani tepi, muyeze kuchokera pa benchi kukafika pa khomalo. Ine ndimawerengera kuti mbali yaitali ya chithunzi isachepere gawo limodzi mwa magawo 4 a mtundawo. Ngati pali mamita 4, chithunzicho chifike mita imodzi m'litali, monga cha masentimita 70 x 100. Ngati pali mamita 3, cha 60 x 80 chikwanira. Uwu ndi muyezo wa pa ntchito chabe, ndipo mukhoza kuupitirira popanda vuto, koma musautsikire. Pepala la A4 ndi masentimita 21 x 29.7 okha. Mukaliika pa khoma lalikulu, mamita 4 kuchokera pomwe munthu wakhala, limangooneka ngati kachigamba pa bulangete. Ambiri obwera kwa inu ndi achikulire, ena aiwala magalasi a maso, ena mutu ukuwawa, ndipo palibe amene angalimbane n'kupenyetsetsa kuti adziwe ngati chajambulidwacho ndi mtengo kapena munthu. Anthu akalakwitsa kukula, kawirikawiri amalakwitsa pochepetsa, chifukwa chithunzi chikakhala m'manja chimaoneka chachikulu kuposa mmene chidzaonekere pakhoma.

Nkhani ya pochiika nayo ili ndi miyezo yake. M'nyumba zoonetsera zojambulajambula amapachika kuti pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 152 kuchokera pansi, chifukwa oonerera amakhala ataimirira. Munthu wamkulu akakhala pansi pa benchi, maso ake amatsika kufika cha pa masentimita 115 mpaka 125, ndipo amene ali pa chikuku ndi chimodzimodzi. Ndiye pa khoma loyang'anizana ndi okhala, tsitsani kuti pakati pa chithunzi pakhale pa 135 kapena 140. Amisiri ambiri mukawasiya okha amakhoma pomwe dzanja lawo lafika, chithunzi n'kukathera pafupi ndi siling'i. Muyeze nokha ndipo mulembe ndi pensulo mmisiri asanabwere.

Tsopano khoma lalikulu lija. Okonza m'nyumba amati zopachika pamwamba pa mpando zitenge magawo awiri mwa atatu, kapena atatu mwa anayi, a utali wa mpandowo. Pa benchi ya mamita 3 ndiye kuti mamita 2 mpaka 2.25. Mpaka pamenepa ndikugwirizana nawo. Koma amatinso m'munsi mwa felemu mukhale masentimita 15 mpaka 25 pamwamba pa chotsamira, ndipo muyezo umenewo ndi wa pabalaza, m'chipatala sugwira. Munthu wodwala sakhala chilili ngati mlendo. Amatsamiritsa mutu kukhoma, ena amasinza, mayi amakweza mwana paphewa, mwanayo dzanja lili kale pa felemu. Mpando wa benchi umakhala cha pa masentimita 45, ndipo mutu wa munthu wamtali atakhala umafika cha pa 135. M'munsi mwa felemu muyambire pa masentimita 140. Mukatsikira pamenepo, pakatha miyezi ingapo mudzapeza mzere wa mafuta a m'mutu pa felemu, ndipo tsiku lina wina adzaiwomba ndi nkhongo.

Mukayambira pa 140, malo otsala m'mwamba ndi ochepa, n'chifukwa chake pamwamba pa benchi pamafunika zithunzi zogona, zotambalala m'mbali, m'malo mwa zoimirira. Chithunzi cha 70 x 100 choimirira chingakafike pa masentimita 240, munthu mpaka kuthyola khosi. Ine ndikanakhala inu ndikanaika zitatu za 50 x 70, zonse zogona, n'kusiya mpata wa masentimita 7 pakati pake. Pamodzi zikutenga masentimita 224, zomwe zikugwirizana ndi benchi yanu, ndipo pamwamba pake pakuthera pa 190, m'munsi pang'ono mwa pamwamba pa chitseko. Zikhale zamtundu umodzi, felemu yofanana, kuti diso lizione ngati chinthu chimodzi. Zitatu zotere n'zopepuka kunyamula ndi kupachika kuposa chimodzi cha mamita awiri, ndipo chimodzi chikawonongeka mumasintha chokhacho.

Musanagule chilichonse, dulani manyuzipepala akale pa miyezo imeneyi, muwamate pakhoma ndi tepi yosachotsa penti. Khalani pa benchi, gonani pa bedi loyezerapo, lowani pakhomo ngati mlendo. Asiyeni masiku awiri kapena atatu, muwaone m'mawa dzuwa likulowa pawindo komanso madzulo magetsi atayaka. Pamenepo mudzaona ngati chitseko chikatseguka chikuphimba chithunzi, kapena ngati chithunzicho chikulimbana malo ndi swichi, chozimira moto, chikwangwani cha potulukira kapena botolo la mankhwala osambira m'manja. Zimenezi siziyenera kubisika ngakhale pang'ono.

Zithunzi 12 za achemwali anu musazitaye, koma musazimwaze makoma onse. Kachithunzi kamodzi apa, kena apo, zimachititsa chipinda kuoneka chosalongosoka, ndipo palibe chimene chimaoneka bwino. Malo ake ndi pomwe munthu amaima pafupi ndi khoma. Chilichonse muchiike m'felemu ya 30 x 40, yokhala ndi katoni yoyera yozungulira chithunzi m'kati. Katoni imeneyo imakulitsa chithunzi m'maso, komanso imaletsa pepala kukhudzana ndi chophimba chake, pomwe chinyezi chimakonda kusonkhana n'kumata pepalalo. Mukaika 6, zitatu pamwamba zitatu pansi, mpata wa masentimita 6, mukhala ndi gulu la masentimita 102 m'mbali ndi 86 m'mwamba, lomwe likufanana ndi chithunzi chimodzi chachikulu. Dziwani kuti gulu lotere limafuna dzanja losamala, chifukwa chimodzi chikapendekeka pang'ono, onse amaona chimenecho.

Chinanso, felemu iliyonse ili ndi kashelefu ka fumbi pamwamba pake. Mafelemu 12 ndiye kuti tinthu 12 toti wokolopa azikwerera n'kupukuta, ndipo tikunena zoona, sadzazipukuta zonse. Gulani mafelemu 6 okha, zithunzi zinazo musunge m'kabati, muzisinthanitsa pakapita miyezi. Maganizo amenewa ndi akale ndithu. Florence Nightingale, namwino wotchuka wa ku England, m'buku lake lolangiza za unamwino la 1859, analemba kuti kuonetsa wodwala zithunzi zambiri nthawi imodzi kumamutopetsa, koma kumupachikira chimodzi n'kumachisintha pakapita nthawi kumamusangalatsa. Amayi obwera ku sikelo mwezi ndi mwezi adzazindikira kuti mwasintha, ndipo achemwali anu adzaona kuti zonse zagwira ntchito.

Mu kolido ndi momwe zithunzi zazing'onozi zingakhale bwino, chifukwa munthu amadutsa pafupi. Ziikeni mbali imodzi yokha, mu mzere umodzi, pakati pake pa masentimita 150. Chofunika kwambiri muno ndi kuchindikala kwa felemu. Malamulo a zomangamanga oteteza anthu aulumali ku America amaletsa chinthu chopachikidwa m'njira kutuluka pakhoma kupitirira mainchesi 4, omwe ndi masentimita 10, pofuna kuti wosaona asachigunde. M'kolido yopapatiza, momwe muzidutsa machira, chikuku ndi chitsulo chopachikapo diripi, ine sindilola kupitirira masentimita 3. Khoma la kumapeto kwa kolido, lomwe munthu amaliyang'ana akuyenda, likhoza kutenga chithunzi chimodzi chachikulu choimirira. Chimathandizanso polondolera: "Lowani chitseko chomwe chili pafupi ndi chithunzi cha mtengo" amamva msanga kuposa nambala ya chipinda.

M'zipinda zoonera odwala ndi momwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa mantha a wodwala amakulira mmenemo. Chithunzi chimodzi pa chipinda n'chokwanira, cha 40 x 50 kapena 50 x 70. Pochiika mupapeze mutagona pa bedi. Onani komwe maso amapita munthu akamayezedwa pamimba, komanso komwe amatembenukira akamabayidwa jakisoni kapena kutengedwa magazi. Nthawi zonse amathawitsa nkhope ku mkono womwe ukubayidwawo. Khoma limenelo ndiye la chithunzi, ndipo mudzapeza kuti mukulankhula nacho: "Tayang'anani uko, mundiuze mwaona mbalame zingati." Ngati odwala anu ambiri amagona chagada nthawi yaitali, siling'i nayo ndi khoma. Koma pamenepo sipaikidwa felemu kapena galasi. Pamafunika chithunzi chomata kapena chopepuka kwambiri chomangidwa m'makona onse. Pamwamba pa mutu wa bedi musapachike kanthu kolemera, ndipo pafupi ndi sinki madzi adzawononga chilichonse.

Pali chinthu china chomwe inu mukuchidziwa kuposa ine. Mumayeza ndi maso: chikasu m'maso mwa khanda, kuyera kwa zikhatho ndi m'zikope mwa mayi wochepa magazi, kuda kwa milomo ya amene akubanika. Chithunzi chachikulu chachikasu, chofiira kapena chobiriwira kwambiri chikakhala pafupi ndi bedi, kuwala kukachimenya kumabwerera pa khungu la wodwala ndi mtundu womwewo. N'zochepa, koma pa khanda la masiku atatu zochepazo zingakusokonezeni. Mitundu yowala kwambiri isiyeni m'chipinda chodikirira. Ndipo ngati muzipima maso ndi tchati cha zilembo cha Snellen, chomwe chimawerengedwa pa mtunda wa mamita 6, khoma lake likhale lokha popanda choyandikana nacho.

Tibwere kwa wokolopa uja. Chinsalu chomwe mnzanu akunena ndi chokongola, chopepuka, ndipo sichinyezimira. Pa mfundo yoti chikhale chimodzi chachikulu, mnzanuyo akunena zoona. Vuto ndi nsaluyo. Ili ndi timaenje tomwe fumbi limakhalamo, siipukutika ndi madzi, ndipo kumbuyo kwake kuli mphako. Wina akatsokomolera pamenepo kapena mwana akaigwira ndi manja amafuta, mulibe chochita. Chinsalu chikhoza kukhala mu ofesi yanu, kapena m'chipinda chodikirira ngati chili pamwamba posafika manja ndipo chapakidwa vanishi. M'chipinda chomwe mumabaya, kutsuka mabala kapena kuchiritsira amayi chisalowemo.

Mafelemu amatabwa nawo ali mitundumitundu. Osemedwa maluwa ndi mizere ndi nyumba ya fumbi. Thabwa losapakidwa kanthu limamwa madzi. Mafelemu otchipa opangidwa ndi utuchi wopanikiza n'kukutidwa ndi kapepala kooneka ngati thabwa amafufuma m'makona kansalu konyowa kakawadutsa kangapo, kapepalako n'kuyamba kusupuka. Mukanaona kumbuyo kwa felemu yomwe yakhala zaka m'chipinda chodikirira popanda kutsitsidwa: pamwamba pali fumbi lolimba loti n'kulembapo dzina ndi chala, pepala lotsekera kumbuyo lang'ambika, m'ngodya muli mazira a mphemvu, ndipo m'munsi mwa katoni yoyera ija mwadutsa mzere wa nkhungu. Nsikidzi nazo zimakonda kubisala kumbuyo kwa mafelemu oyandikana ndi mabedi. Choncho felemu ya m'chipatala ikhale yosalala, yopanda mizere, makona ake ogwirana bwino, kumbuyo kotsekedwa ndi tepi ya mafelemu mbali zonse. Yabwino koposa ndi ya aluminiyamu. Ngati mukukonda maonekedwe a thabwa, likhale thabwa lenileni lolimba, lopalidwa bwino, lopakidwa vanishi mbali zonse ndi kumbuyo komwe.

Kunenepa kwa felemu kutsatire chithunzi: masentimita 1.5 mpaka 2 pa zazing'ono, 2.5 mpaka 4 pa zazikulu. Sankhani mtundu umodzi chipatala chonse. Ine ndimakonda zoyera, zotuwa ngati siliva kapena za mtundu wa thabwa lowala, chifukwa felemu yakuda yonenepa imakoka maso kuposa chithunzi chomwe yanyamula. Apa ndi nkhani ya kukonda, ndipo simulakwa mukasankha zina.

Pa galasi pokha ndikana. Galasi wamba likasweka limasiya zidutswa zakuthwa, m'malo momwe muli ana okwawa, anthu achizungulire ndi ena okomoka. Ndi lolemeranso. Galasi lochindikala mamilimita 3, la kukula kwa 70 x 100, limalemera makilogalamu opitirira 5, pomwe pulasitiki yoonekera ya acrylic yofanana nalo ndi pafupifupi makilogalamu 2.5. Acrylic siiphwanyika wamba, ndipo ndi imene ndimalangiza. Pezani yosanyezimira ngati ilipo, chifukwa chophimba chonyezimira chikayang'anizana ndi windo kapena babu, wodwala amaona windo ndi babu m'malo mwa chithunzi. Kwa achikulire amene ayamba kusokonezeka maganizo n'zoposa pamenepo: amaona nkhope yawo yomwe n'kuyesa kuti pali mlendo akuwasuzumira.

Koma acrylic ili ndi mdani wake, ndipo mdaniyo m'chipatala ali pa tebulo lililonse. Ndi sipiriti. Mukamapukuta acrylic ndi sipiriti kapena mankhwala opukutira mawindo okhala ndi amoniya, imayamba kuchita chifunga, kenaka timing'alu tating'onoting'ono tambirimbiri, makamaka m'mbali momwe inadulidwa, ndipo sizibwereranso. Kansalu kouma kokhakhala nako kamaikanda. Imafuna madzi a sopo ndi nsalu yofewa basi. Zithunzi za pakhoma sizigwiridwagwiridwa ngati zogwirira zitseko, ndiye masiku ambiri madzi a sopo ndi okwanira. Pakafunika kupha tizilombo, klorini wosungunula bwino acrylic imamupirira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza klorini wa 0.1 peresenti pa malo wamba ndi wa 0.5 peresenti pomwe patayikira magazi. Chenjezo lili pa aluminiyamu, chifukwa klorini akaumirapo amadya chitsulocho n'kusiya timadontho. Akapukuta ndi klorini, nthawi yake ikakwana adutsenso ndi madzi oyera n'kuumitsa. Zimenezi muzilembe pa ndandanda wa zoyeretsa, chifukwa wokolopa amene mumufotokozere lero mwina si amene adzakhalepo chaka chamawa.

Pali njira ina yomwe imachotsa mavuto ambiriwa nthawi imodzi, ndipo m'zipinda zoonera odwala ndi imene ndimayamba kutchula. Chithunzi chimasindikizidwa mwachindunji pa bolodi yopyapyala ya aluminiyamu yokhala ndi pulasitiki pakati, ya mamilimita 3, yofanana ndi imene amapangira zikwangwani. Palibe felemu, palibe galasi, palibe pepala loti n'kuchita nkhungu. Osindikiza zikwangwani ambiri amatha kuchita zimenezi. Auzeni kuti mukufuna yosanyezimira, makona ake obulungika, ndipo afunseni kuti imapirira mankhwala ati.

Kapachikidwe nako kasakhale ka msomali umodzi ndi chingwe. Chithunzi chotero chimapendekeka chitseko chikamenyetsedwa, chimagwa wina akachigunda ndi phewa, ndipo chimachoka mosavuta m'manja mwa amene wachikonda. Pali zopachikira zomwe zimagwira malo atatu: ziwiri pamwamba, ndi chimodzi pansi chomwe chimatsekedwa ndi kakiyi kake. Ngati simungazipeze, felemu imangidwe kukhoma ndi misomali yamazinga pamwamba ndi pansi. Pa khoma la njerwa, mubowo mulowe pulagi yoyenera, kapulasitiki kogwira msomali. Pa khoma la mabolodi, msomali ugwire thabwa kapena chitsulo cha m'kati, apo ayi mugwiritse ntchito zogwirira zopangidwira mabolodi. Kumbuyo kwa felemu, m'makona a pansi, mumate timphira tating'ono kuti mpweya uzidutsa pakati pa felemu ndi khoma.

Simunafunse za zomwe zijambulidwe, koma felemu yabwino singapulumutse chithunzi cholakwika. M'chaka cha 1984, wofufuza wina wa ku America, Roger Ulrich, anafalitsa m'magazini ya Science zomwe anapeza ataunika mafayilo a odwala 46 ochitidwa opaleshoni ya ndulu pa chipatala china ku Pennsylvania. Theka la iwo ankagona m'zipinda zomwe windo lake linayang'ana mitengo, enawo linayang'ana khoma la njerwa. Oona mitengo ankatuluka patatha masiku pafupifupi 8, pomwe anzawo ankayandikira 9, ndipo ankafuna mankhwala amphamvu opha ululu ochepa. Pambuyo pake iye ndi anzake anayesa zithunzi zenizeni pa odwala ochitidwa opaleshoni ya mtima ku Uppsala, m'dziko la Sweden. Amene anaikiridwa chithunzi cha madzi ndi mitengo pamalo otseguka anali ndi nkhawa yochepa, pomwe zojambula za mizeremizere zosadziwika mutu wake sizinawathandize. Chithunzi si mankhwala, ndipo musayembekezere zodabwitsa. Koma zikusonyeza koyambira: madzi odekha, mitengo yobiriwira, maluwa, malo owala oti diso likhoza kuona patali. Pewani zilombo zolusa, nkhope zoyang'anitsitsa, mitengo youma, mitambo ya mkuntho, ndi chilichonse chomwe munthu wotentha thupi angachione ngati chinthu china.

Poti ndinu mzamba, ndiwonjezere ichi. Zithunzi za makanda onenepa akumwetulira zimaoneka zoyenera, ndipo aliyense adzakulangizani zimenezo. Koma m'chipinda chomwecho mudzalowa mayi amene wangopita padera, ndi wina amene wakhala zaka akufuna mwana. Kumeneko ikani maluwa kapena mtsinje. Zithunzi za chakudya nazo sizikhala bwino pomwe pali anseru kapena osala kudya podikira kuyezedwa magazi. Mapepala ophunzitsa za matenda asasakanikirane ndi zokongoletsa. Akhale pa bolodi yawo imodzi, ndipo oonetsa zilonda ndi ziwalo zam'kati asungidwe m'kabati, muziwatulutsa pofotokoza. Chithunzi cha wodwala wanu, ngakhale atachira bwino chotani, chisapachikidwe popanda chilolezo cholemba, ndipo zotengedwa pa intaneti zili ndi eni ake.

Ngati musindikiza zojambula nokha ndi foni, onani kukula kwa fayilo. Chithunzi cha mamegapikiselo 12 chimatuluka bwino mpaka cha pa masentimita 50 x 70 chikamaonedwa chapatali pang'ono. Choti chadutsa kale pa WhatsApp chimakhala chitachepetsedwa, ndipo mukachikulitsa chimatuluka chosaoneka bwino. Tumizani fayilo yeniyeni kwa osindikiza. Afunseninso ngati inki yawo ndi ya pigment, chifukwa imachedwa kusuluka, ndipo khoma lomwe limawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse mulisiye lopanda chithunzi.

Kangodya ka ana n'kosavuta. Tsitsani zithunzi kuti pakati pake pakhale cha pa mita imodzi, ndipo vomerezani kuti zidzagwiridwa, kunyambitidwa ndi kumenyedwa ndi zidole. Pamenepa ndi pa bolodi ya aluminiyamu ija yomangidwa m'makona onse anayi, kapena chojambula cha penti yochapika pakhoma penipeni. Ana amakonda chithunzi chokhala ndi zinthu zambiri zoti aziloza ndi kuwerenga, nsomba, mbalame, agulugufe.

Zambiri mwa izi mungazichite ndi tepi, pensulo ndi mmisiri mmodzi wosamala. Koma pali pomwe muyenera kufunsa ena. Oyang'anira zipatala amene adzabwere kudzayendera musanapatsidwe chiphaso, kapena katswiri wa kapewedwe ka matenda opatsirana, akuuzeni zomwe amalola m'chipinda chochiritsira ndi chotsukira mabala, chifukwa ena salola chopachika chilichonse mmenemo. Musanaboole pamwamba kapena pansi pa swichi ndi soketi, itanani wamagetsi, chifukwa mawaya amayenda molunjika kuchokera pamenepo; chimodzimodzinso pomwe padutsa mapaipi a madzi kapena a mpweya wa okosijeni. Khoma logundana ndi chipinda cha X-ray limakhala ndi mtovu kapena pulasitala wapadera wotchinga cheza, ndipo silibooledwa popanda katswiri wake. Chinthu cholemera kupitirira makilogalamu 10 chipachikidwe ndi wodziwa ntchitoyo. Ngati muziona odwala matenda a maganizo amene angadzivulaze, funsani akatswiri a mbali imeneyo, chifukwa kumeneko ngakhale chingwe ndi ngowe zimakhala zoopsa. Ndipo ngati nyumbayo ndi ya lendi, eni ake adziwe musanayambe kuboola.

Mwanena kuti penti mwangopaka kumene. Ngati pulasitala nayenso ndi watsopano, khomalo likadali ndi madzi m'kati ngakhale likuoneka louma. Matani kapepala ka pulasitiki pakhoma, mutseke m'mbali monse ndi tepi, mukasiye masiku awiri. Mukapeza madontho kapena khoma litada pansi pake, dikirani kaye, ndipo zikapitirira muitane womanga aone komwe chinyezi chikuchokera. Podikirapo, itanitsani felemu imodzi yokha ya mtundu womwe mwasankha, muipereke kwa amene azikolopa kuti aziipukuta tsiku lililonse kwa sabata ziwiri ndi mankhwala omwe muzigwiritsa ntchito. Ikapanda kuchita chifunga, kufufuma kapena kuchita madontho, itanitsani zotsalazo.